MLALIKI PA PHIRI LA LA VERNA



Palibe mwa inu amene sanamve dzina la Francesco Woyera wa ku Assisi, amene ife kuno timtchula Fransisko, ndipo ambiri munapatsa ana anu dzina limeneli pa ubatizo. Tikafunsa ana a katekisimu chimene adziwa za iye, ayankha msanga zinthu ziwiri: kuti analalikira mbalame, ndi kuti analandira m'thupi mwache mabala asanu a Ambuye Yezu. Ayankha bwino. Koma tikafunsanso kuti kodi ku phiri kumene analandira mabalawo anakatsatako chiani, ana akhala chete, ndi akulu omwe aweramitsa mitu. Nkhani imeneyi ndiyo tifuna kukamba mwezi uno, pakuti ikhudza ife akatekisti ndi onse ogwira nchito ya Eklezia, ndipo ikhudzanso inu eni mabanja amene mutisunga. Munthu amene anakwera phiri la La Verna m'chaka cha 1224 sanali kufuna chozizwitsa iai. Anali wanchito wotopa, wodwala maso, amene nchito yache inamkulira m'manja kufikira iye mwini sanaizindikirenso.

Funso limene silinamchoke

M'chaka cha 1209 Francesco anapita ku Roma pamodzi ndi anzache 11 kukapempha Papa Innocentius III kuti abvomereze makhalidwe ao aumphawi. Papa anabvomera ndi pakamwa, nawalola kulalika za kulapa. Pobwerera kwao anaima pa malo opanda anthu pafupi ndi mudzi wa Orte, nakhala pamenepo ngati masiku 15. Malowo anawakomera kwambiri, kotero kuti anayamba kufunsana ngati kuli bwino kubwerera pakati pa anthu, kapena kukhalitsa kuthengo komweko ndi kumapemphera. Taonani, nchito isanayambe n'komwe, funso linafika kale. Anasankha kubwerera kwa anthu. Koma funsolo silinamchoke Francesco mumtima.

Patapita zaka pang'ono linamgwiranso ndi mphamvu. Iye ankaona kuti popemphera payekha mtima uyera, koma poyenda m'midzi mapazi atola pfumbi, ndi maganizo omwe abalalika. Sanadzikhulupirire kuti aweruze yekha mlandu wache. Anatuma mbale Masseo kwa anthu awiri odziwa kupemphera, ndiwo Chiara Woyera ku San Damiano, ndi wansembe Silvestro amene ankakhala m'mapanga a phiri la Subasio kumtunda kwa Assisi, kuti amfunsire kwa Mulungu. Awiriwo anayankha chimodzi: alalike, pakuti sanaitanidwe chifukwa cha iye yekha. Francesco analandira yankholo atagwada, nadzuka pomwepo, nauyamba ulendo. Kulalikira mbalame kuja kunachitika pa ulendo womwewo, pafupi ndi Bevagna.

Wina angayese kuti kuyambira tsiku limenelo anatsazika thengo. Iai ndithu. Moyo wache wonse unakhala wa kupita ndi kubwera: miyezi ina m'misika ndi m'mabwalo a midzi, masabata ena m'mapanga ndi m'nkhalango. Malo amene ankabisalako alipo mpaka lero, ndipo alendo awachezera: Carceri pa phiri la Subasio, Le Celle pafupi ndi Cortona, Greccio ndi Fonte Colombo m'chigwa cha Rieti, ndi chilumba cha m'nyanja ya Trasimeno kumene anatha Lenti yonse yekhayekha. Mwambo umenewu sanaupeke ndiye. Marko Woyera asimba kuti Apostoli atabwera ku ulendo wao wolalika, anthu anawachulukira kotero kuti anasowa ndi mpata wakudya womwe. Ndipo Ambuye anawalowetsa m'ngalawa, napita nao ku malo opanda anthu kuti apumule. Tizindikire kuti Ambuye anachita zimenezi nchito iri kuyenda bwino, anthu ali kubwera mwaunyinji. Tikadakhalapo ife, kapena tikadati kupumula kudikire, tiyambe tathana ndi khamuli.

Phiri la La Verna linabwera ngati mphatso. Pa 8 Meyi 1213 Francesco anafika pa linga la San Leo, pamene panali phwando lalikulu la mafumu ndi asilikari, nalalika pabwalo. Mwa omvera munali mfumu ina yachuma, Orlando wa ku Chiusi. Mau anailasa mtima, ndipo itacheza naye paseri, inamuuza kuti iri ndi phiri m'dziko la Toscana, lakutali ndi anthu, loyenera munthu wofuna kupemphera, ndipo ngati limkomera alitenge. Phirilo liri pakati pa mitsinje ya Arno ndi Tevere kumtunda kwache. Nyumba za abale ziri pa msinkhu wa mamita 1,128. Silifika pa phiri lathu la Zomba, koma ndi la matanthwe ong'ambika, maphompho ozama ndi mitengo yaitali yothithikana, ndipo nyengo yachisanu kuzizira kwache nkoopsa. Mfumu imeneyi tiikumbukire. Siinali yolalika, siinasiye chuma chache. Inangoona kuti munthu wa Mulungu alibe pobisala, nimpatsa malo.

Nchito ikakula

Abale 11 aja anachuluka mofulumira. Pa msonkhano waukulu wa chaka cha 1221 ku Assisi, mbale wina amene analipo analemba kuti anasonkhana ngati 3,000. Chimene chinayamba ngati kagulu ka mabwenzi ogona m'chisakasa chimodzi chinasanduka chipani chachikulu, chofuna nyumba, mabuku, oyang'anira ndi malamulo olembedwa. M'chaka cha 1219 Francesco anaoloka nyanja kupita ku Egypt, nakaonana ndi Sultan al-Kamil pafupi ndi Damietta. Ali kutsidya komweko anamva kuti amene anawasiyira chipani aonjezera malamulo ao a kusala zakudya, ndi kuti abale ali kukangana. Anabwerera m'chaka cha 1220 ali ndi nthenda ya maso imene siinamleke kufikira imfa. Chaka chomwecho anatula udindo pamaso pa abale, nagwada kwa Pietro Cattani, nalonjeza kumvera iye. Pietro anamwalira m'chaka cha 1221, nalowa m'malo mwache mbale Elia.

Kulemba malamulo a chipani kunamsautsa koposa. Abale ophunzira ankafuna kuti umphawi ufewetsedwe. Iye ankaopa kuti ukafewa palibe chidzatsale. Malamulo a 1221 sanalandire chidindo cha Papa. Anawalembanso mwachidule ku Fonte Colombo, ndipo Papa Honorius III anawabvomereza pa 29 Novembala 1223. Anzache amene anakhala naye pafupi anasimba kuti panali nthawi ya zaka zoposa ziwiri pamene mtima wache unali mumdima, kotero kuti ankapewa abale, popeza sanathe kuwaonetsa nkhope yosekera monga kale. Uyu ndi munthu amene zithunzi zimuonetsa ali kusewera ndi mbalame.

Ife akatekisti sitiri oyera monga iye, ndipo nchito yathu njaing'ono. Koma bvuto ili tilidziwa fungo lache. Munthu ayamba ndi ana khumi pansi pa mtengo wa mango, mtima uli kuyaka. Zaka zipita, akristu achuluka, ndipo tiyamika Mulungu. Tsono pabwera mabuku a maina, pabwera mtulo, pabwera milandu ya maukwati, misonkhano ya makomiti, njerwa za tchalichi chatsopano, maliro atatu sabata imodzi, ndi njinga yothyoka sipoko. Zonsezi nzofunika, sitizinyoza. Koma munthu akhoza kutha mwezi wathunthu ali kulankhula za Mulungu tsiku ndi tsiku, osalankhula ndi Mulungu ngakhale kamodzi. Pamenepo mau aturukabe pakamwa, koma ayamba kuuma. Wodwala amene tinkamchezera ndi chifundo asanduka dzina la m'buku. Mkristu wotsutsa maganizo athu pa msonkhano timuona ngati mdani. Ndipo chimene chiopsa koposa n'chakuti wanchitoyo ayamba kuyesa kuti mpingo ngwache, ndi kuti iye akachoka tsiku limodzi denga lidzagwa. Inu eni mabanja muziona zimenezi msanga kuposa ife, koma ulemu ukutsekani pakamwa.

Ulendo wa 1224

M'mwezi wa Ogasiti 1224 Francesco ananyamuka ndi abale owerengeka, mwa iwo Leone, Masseo ndi Angelo, kupita ku La Verna. Anafuna kusunga masiku 40 a kusala ndi kupemphera polemekeza Mikaeli Woyera Mkulu wa Anjelo, kuyambira pa 15 Ogasiti, tsiku la Maria Woyera wotengedwa kumwamba, kufikira pa 29 Seputembala. Mbiri yakale isimba kuti panjira mphamvu zinamthera, ndipo mlimi wina wosauka anambwereka bulu wache, natsagana nao. Atayenda pang'ono mlimiyo anafunsa ngati iye ndiyedi Francesco wa ku Assisi. Atabvomera, mlimi anamchenjeza kuti ayesetse kukhala wabwino monga momwe anthu amnenera, popeza ambiri aika chikhulupiriro chao pa iye. Francesco anatsika pa bulu, nagwada, napsompsona mapazi a mlimiyo, namthokoza. Mau otere katekisti sawamva kawirikawiri kumudzi kwache, pakuti ena amuopa, ena amnyengerera, ndipo ena anenera kuseri.

Atafika paphiri, anasankha malo kutsidya kwa phompho lakuya. Abale anagoneka mtengo umodzi ngati ulalo, nammangira kanyumba ka nthambi kutsidyako. Anapangana kuti pasabwere munthu wina koma mbale Leone yekha, kamodzi usana ndi buledi ndi madzi pang'ono, ndi kamodzi pakati pa usiku pa nthawi ya mapemphero. Leone akafika pa ulalo ankayamba mau oyamba a pemphero. Francesco akayankha, ankaoloka. Akapanda kuyankha, ankabwerera osafunsa kanthu. Panalinso mnzache wina wosapangana naye, ndiye kabawi amene anamanga chisa pafupi ndi kanyumbako. Mbalameyo inkamdzutsa usiku ndi kulira kwache nthawi ya kupemphera ikakwana, ndipo olemba mbiri yache ati usiku umene nthenda inamkulira inkachedwa, nilira kutayamba kucha.

Pano tiime pang'ono, tifunse: bwanji phiri? Kodi sakadatha kudzitsekera m'chipinda ku Assisi? Ife tiganiza kuti yankho alidziwa mlimi ali yense. Munthu ali pakati pa chimanga chachitali saona munda wache. Aona mapesi asanu amene amzungulira basi. Akakwera pa nsanja kapena pa chulu, pamenepo ndipo aona mbali imene anyani alowera, mbali imene madzi akokolola, ndi mbali imene mbeu yachita bwino iye osadziwa. Ndiponso m'mudzi wanchito wa Eklezia sabvula udindo wache. Ngakhale atseke chitseko, wina adzati odi, ndipo ngakhale asabwere munthu, mabuku ali patebulo amuyang'ana. Kuthengo kulibe womtchula aphunzitsi. Mitengo imene amera pansi pache inakula iye asanabadwe, ndipo palibe komiti imene inakhala pansi kuti iphuke. Mtsinje uyenda usiku wonse wopanda woulamulira. Munthu akakhala masiku awiri kapena atatu pakati pa zinthu zotere, msinkhu wache weniweni uyamba kumuonekera, ndipo sufanana ndi umene anadziyesa nao pa guwa. Tsiku loyamba maganizo alongolola ngati msika. Lachiwiri ayamba kutha mau. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene Francesco anali kulingalira tichidziwa pang'ono chifukwa cha Leone, amene usiku wina wa mwezi anaoloka ulalo wosayankhidwa, nampeza m'nkhalango atagwada, ali kubwereza mafunso awiri okha: kuti Mulungu ndani, ndi kuti iye mwini ndani. Sanali kuwerengera abale, sanali kukonza mayankho a omtsutsa. Mbiri yache isimbanso kuti pa nthawi ina, ali kudandaula m'pemphero za abale osamvera, anamva chidzudzulo mumtima: kuti chipanicho anachibzala ndi Mulungu, si iye, ndipo Mwini wache adzachisunga. Tiyesa kuti palibe wanchito wa Eklezia amene safunika kumva chidzudzulo chimenechi kamodzi pa chaka.

Pofuna kudziwa m'mene atsirizire moyo wache, anapempha Leone kuti atsegule buku la Mthenga Wabwino katatu, ndipo katatu konse panaturuka nkhani ya masautso a Ambuye. Pamenepa tichenjeze ana athu: uku sikuombeza ula, ndipo sitikulangizani kuti muzisankha mkazi kapena munda potsegula buku mwachisawawa. Iye anali atasala ndi kupemphera masabata, ndipo chimene anapeza sichinali mwai wa chuma kapena dzina la mdani, koma mtanda.

M'mamawa wina pafupi ndi 14 Seputembala, tsiku la Mtanda Woyera, anaona Serafi wa mapiko 6, wooneka ngati munthu wopachikidwa. Masomphenya atatha, m'manja, m'mapazi ndi m'nthiti mwache munaoneka mabala. Abale a chipani chache akumbukira chozizwitsachi pa 17 Seputembala, ndipo m'chaka cha 2024 zinakwana zaka 800. Za ichi sitichulukitsa mau, popeza mwini wache sanachulukitse. Anaphimba manja ndi malaya, nabvala zophimba mapazi, ndipo oona mabalawo iye ali moyo anali owerengeka. Ambiri anawaona atamwalira.

Koma pali kanthu kena ka paphiripo kamene ife tikakonda kwambiri. Mbale Leone, wonyamula buledi uja, analinso ndi bvuto lache la mumtima limene ankachita manyazi kuliulula. Francesco, ngakhale anali kutsidya kwa phompho, analizindikira. Anaitanitsa kachikopa kolembapo, nalemba mbali imodzi mau otamanda Mulungu, mbali ina dalitso la kwa Leone, namuuza kuti akasunge. Leone anakasunga zaka zoposa 40 kufikira imfa yache, nalembapo ndi inki yofiira kuti analemba ndani ndi kuti analembera kuti. Kachikopako kalipo mpaka lero ku Assisi. Onani tsono: kupatuka kwa Francesco sikunamchititse khungu pa mnzache. Ku Assisi, pakati pa abale zikwi, kapena sakadaona nkhope ya Leone, paphiri anaiona.

Pa 30 Seputembala anatsika, atakwera pa nyama popeza mapazi sanamlole kuyenda. Udindo sanautengenso, ndipo mikangano ya chipani siinathe. Chimene chinasintha ndi munthuyo. Anayambanso kuzungulira midzi pa bulu, tsiku lina midzi inai kapena isanu, ndipo ankalakalaka kubwerera ku nchito yache yoyamba ya kusamala akhate. M'chaka cha 1225, ali gone ku San Damiano, maso atatsala pang'ono kufa, anapeka nyimbo yache yotamanda Mulungu chifukwa cha dzuwa, mwezi, mphepo, madzi, moto ndi nthaka. Ndipo ndi nyimbo yomweyo anayanjanitsa Episkopi wa ku Assisi ndi mkulu wa mudziwo amene anali pa udani. Anamwalira pa 3 Okutobala 1226, ndipo Papa Gregorius IX anamlemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1228.

Amai ndi ana

Tsopano tifike pa gawo lanu, eni mabanja. Francesco anasiya kalata yaifupi yolangiza abale ofuna kukhala kuthengo, ndipo nzeru zache nzonga za mai wa pamudzi. Analamula kuti asapite mmodzi yekha, ndiponso asachuluke: akhale atatu, akachulukitsa anai. Awiri akhale amai, ndipo awiri kapena mmodzi akhale ana. Amai atsate Marita, ana atsate Maria, alongo a Lazaro aja. Nchito ya amai ndi kufuna chakudya ndi kutchinjiriza ana kwa alendo, kuti pasakhale wowasokoneza. Ana apemphere ndi kukhala chete, ndipo nthawi ikakwana apite kwa amai ao kukapempha chakudya monga amphawi. Tsono mau otsiriza ndi amene atikondweretsa: pakapita nthawi asinthane, ana akhale amai, amai akhale ana, monga momwe apanganirana.

Apa paoneka poyera kuti munthu sapatuka yekha. Kuseri kwa Francesco kunali Orlando wopereka malo, mlimi wopereka bulu, ndi Leone wonyamula buledi. Katekisti wa kwanu ali ndi mkazi, ana, munda ndi mbuzi. Akati apite masiku atatu, ndani atsogolere mapemphero a Lamulungu? Maliro akagwa, ndani aimirire? Ana a katekisimu aphunzitsidwe ndi yani? Mafunso amenewa akasowa yankho, munthuyo sapita. Kapena apita thupi lokha, mtima utatsala pakhomo. Mutu umodzi susenza denga. Akulu a mpingo ndi atsogoleri a miphakati akhoza kugawana nchito zimenezi sabata isanafike, ndipo mudzaona kuti pali anyamata ndi amai odziwa kuwerenga ndi kutsogolera Korona amene sanapezepo mpata, chifukwa aphunzitsi sanachokepo. Banja lina litumize ufa, lina ndiwo, lina mwana wokadyetsa mbuzi. Ndipo akabwera, musamlandire ndi mau akuti anakadya bwino ku misiyoni ife tiri kubvutika. Mau otere, chinkana anenedwe moseka, aletsa ambiri kupitanso.

Musaiwalenso kusinthana kuja. Mkazi wa katekisti ndiye Marita wa chaka chonse: aphikira alendo a mpingo, asunga nyumba mwamuna ali ku maliro a kutali, amva madandaulo a anthu amene aopa kufika kwa mwamuna wache. Amai otsogolera mabungwe, oyimbitsa kwaya, ochezera odwala, onsewa atopa monga ife. Tsiku lao la kukhala ana lifike, ndipo tsiku limenelo abambo agwire mthiko, sadzafa nao.

Nyengo yabwino kuno kwathu ndi yomweyo imene Francesco anasankha, Ogasiti ndi Seputembala, zokolola ziri m'nkhokwe, mvula ikali kutali, mitengo ya mombo ndi tsamba iri kuphuka masamba ofiira m'mapiri. Sipafunika masiku 40. Awiri kapena atatu akwanira munthu wa banja. Sipafunikanso ulendo wa ndalama. Nkhalango ya pa misiyoni, mthunzi wa m'mbali mwa mtsinje, kapena kuseri kwa phiri la kwanu, malo ali onse kumene odi safika. Apite awiri kapena atatu, Abambo a parishi atadziwa, ndipo potsiriza pakhale kulapa ndi Misa. Atenge Mthenga Wabwino ndi Korona. Mabuku a mtulo atsale, ndi foni yomwe itsale kwa Leone wao. Ansembe ndi asisitere malamulo a Eklezia awalamula kuchita m'bindikiro. Ndipo Papa Pius XI, amene ali wansembe wachinyamata ankakonda kukwera mapiri, nakwera Monte Rosa m'chaka cha 1889, analemba kalata yotchedwa Mens Nostra m'chaka cha 1929 yolimbikitsa kuti akristu eni ache, makamaka othandiza pa nchito ya Eklezia, azichitanso chimodzimodzi.

Tidziwa kuti masiku ano okwera mapiri kukapemphera ngambiri, ndipo sitiweruza mtima wa munthu. Koma pali kusiyana kumene tiyenera kukunena. Ena akwera kukafuna maloto ndi mau achilendo, nabwera ali kudzitcha aneneri, ali kuloza zala anansi ao kuti ndi mfiti, nagawa mabanja. Francesco anakwera ndi mboni, anafunsa uphungu kwa ena asanakhulupirire maganizo ache, anabisa chozizwitsa chimene analandira, ndipo anatsika womvera mbale Elia monga anakwerera. Wanchito akabwera kuthengo ali wofatsa ndi mkazi wache, wofulumira kwa odwala, wolola ena kugwira nchito imene kale ankaiumirira, dziwani kuti anakomana ndi Mulungu. Akabwera ndi mau akulu ndi chipewa chatsopano, anangosintha mphepo.

Chatsala n'chimodzi, ndipo tichinena ndi chisoni. M'madera ambiri mapiri amene makolo athu ankaopa kulowamo masana chifukwa cha mdima wa mitengo, lero ndi miyala yokhayokha, ndipo utsi wa makala ufuka pamene panali akasupe. Wofuna mthunzi wopempherera ayenda mtunda wautali asanaupeze. Francesco ankauza mbale wotema nkhuni kuti asagwetse mtengo wonse, koma asiye mbali kuti uphukenso; ndipo wolima dimba ankamuuza kuti asiye kangodya ka maluwa ndi zitsamba. Chifukwa cha mtima umenewu Papa Ioannes Paulus II anamuika kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe m'chaka cha 1979, ndipo iye mwini anakwera ku La Verna pa 17 Seputembala 1993. Tchalichi chiri chonse cha kumudzi chiri ndi kamalo kozungulira; mpingo ukagwirizana kuti pamenepo nkhwangwa ndi moto zisafike, ana amene tiri kuwaphunzitsa katekisimu lero adzapeza pokhala.

Ku La Verna abale a chipani chache asunga nkhalango ija zaka mazana onsewa, ndipo mitengo yache iri m'gulu la yaitali koposa m'dera lonselo. Pa thanthwe pamene analandira mabala aja anamangapo katchalichi m'chaka cha 1263. Tsiku liri lonse pa 3 koloko masana abale afola kuchokera ku tchalichi chachikulu, mtanda uli patsogolo, alendo ali pambuyo, napita kukagwada pamenepo. Atatha abwerera, wina ku khitchini, wina kukamvetsa kulapa, wina kukalandira alendo amene afika ndi miyendo kuchokera kuchigwa.